Mbumba ya Haile Selassie

Mbumba ya Haile Selassie, mfumu ya mafumu yotsiriza ya dziko la Ethiopia, imene inalamulira kuyambira 1930 kufikira 1974, ndiwo amayi a m'nyumba yachifumu amene, ngakhale sanakhalepo pampando, anasenza ulemerero wa ufumuwo pamodzi ndi masautso ake.

Masiku a ufumu

Mfumukazi Menen Asfaw, mkazi wa mfumuyo, anakhazikitsa sukulu ya atsikana mu Addis Ababa pa nthawi imene maphunziro anali ngati cholowa cha ana aamuna okha. Pamene asilikali a Italy analanda dzikolo mu 1936, banja lachifumu linathawira ku Bath, ku England. Ndipo mwana wawo Tsehai, posafuna kukhala manja lende pamene anthu a mtundu wake anali m'chisautso, anaphunzira unamwino pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London. Atabwerera kwawo anamwalira pa uchembere mu 1942, ndipo chipatala china chinamangidwa mu Addis Ababa chokumbukira dzina lake.

Mkulu wake, Tenagnework, anasanduka wamasiye mu 1937 pamene adaniwo anapha mwamuna wake, Ras Desta Damtew, amene anali kutsogolera nkhondo kumwera kwa dzikolo. Amake atatsikira kulichete mu 1962, ndiye amene anakhala mayi wa pabwalo la atate wake.

Kugwa kwa ufumu

Pa 12 September 1974 gulu la asilikali lotchedwa Derg linachotsa mfumu pampando. Ndipo popeza mutu ukakula sulewa nkhonya, mkwiyo wa olamulira atsopanowo unagwera iwo onse a magazi achifumu, osasiya nkhalamba kapena mkazi. Mu November chaka chomwecho Iskinder Desta, mwana wa Tenagnework, anaphedwa pamodzi ndi nduna zina. Tenagnework mwini, ana ake aakazi anayi, Aida, Hirut, Seble ndi Sofia, ndiponso mlamu wake Sara Gizaw, anatsekeredwa osazengedwa mlandu m'ndende ya Alem Bekagn, m'kachipinda kamodzi mmene anali kugona pa matiresi oyalidwa pansi, nyale yamagetsi ili chiyakire usana ndi usiku. Ijigayehu, mdzukulu wa mfumu, anamwalira ali m'ukaidi womwewo.

Kumasulidwa

Otsalawo anatulutsidwa mu 1988, ukalamba utawapeza m'ndende, ndipo ambiri anapita kukakhala kunja. Tenagnework anabwereranso kwawo, nakhala nawo pa mwambo woika mafupa a atate wake m'tchalitchi cha Holy Trinity mu November 2000. Iye anamwalira mu 2003 naikidwa komweko. Mbiri ya amayiwa imawerengedwa lero pamodzi ndi ya akazi zikwizikwi a anthu wamba amene Derg inawatsekera popanda mlandu, amene maina awo sanalembedwe monga analembedwera a ana a mfumu.