Mlatho wa Tete: Njira ya Malole, Njira ya Anthu

Atsogoleri a makalasi, mbiri ya mlatho wa pa Zambeze mu mzinda wa Tete itiphunzitsa cinthu cimodzi: mseu wa m'tauni sukhala wabwino pokhapokha mwana wa sukulu ndi mai wosenza dengu atayendamo mopanda mantha.

Makolo athu anali kuwoloka Zambeze pa mabwato, ndipo magalimoto anali kukwera pa batelau. Mu 1973, Apwitikizi akali kulamulira, anatsegula mlatho wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, wotalika mamita oposa 700. Anaulinganiza ndi katswiri wa milatho Edgar Cardoso. Poyamba unali kuchedwa Marcelo Caetano. Ufulu utabwera unalandira dzina la Samora Machel.

Mlathowu unalumikiza mzinda ndi Matundo, tsidya lija. Koma unalumikizanso Zimbabwe ndi Malawi, pakuti mseu wocokera ku Cuchamano kunka ku Zóbuè umadutsa pomwepo. Tsono taonani: njira imodzi yomweyo inasanduka ya wopita kumsika, ya wanjinga wonyamula makala, ndiponso ya lole yolemera yopita dziko lina. Zonsezi zinali kupanikizana m'kati mwa tauni.

M'zaka za m'ma 1980 malole anali kuyenda pamzere, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe cifukwa ca nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, malonda anadzuka ndipo malole anacuruka. Pamene mgodi waukulu wa malasha unayamba kutulutsa katundu ku Moatize mu 2011, anthu ndi magalimoto anaonjezekanso. Mlatho umodzi sunathe kusenza zonsezi.

Mu 2014 boma linatsegula mlatho waciwiri, wa Kassuende, pafupifupi makilomita 6 kumunsi kwa mtsinje, kuti malole olemera azilambalala mzinda. Nzeru yake nja pafupi: colemera ndi copepuka zisamalimbirane malo amodzi. Lole yodzaza katundu siimira pomwe dalaivala wapondera buleki, imapita ndithu patsogolo. Ndiponso dalaivala ali pamwamba paja saona mwana amene waima pafupi ndi tayala. Kucotsa lole pakati pa anthu ndiko kupulumutsa moyo.

Komatu nchito siinathere pamenepo ai. Galimoto yaing'ono ndi njinga yamoto nazonso zimapha zikathamanga. Munthu wogundidwa pa liwiro la makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amapulumuka. Pa 60 ambiri sadzuka. Ndico cifukwa cake mseu wa m'tauni umafuna kanjira ka oyenda pansi kokwezeka pang'ono, kosatsekedwa ndi mabenchi a malonda. Malo owolokera olembedwa mizere yoyera. Zitunda zocepetsa liwiro pafupi ndi sukulu ndi msika. Malo oimira macapa. Ndi nyali za usiku. Wakhungu, nkhalamba ndi woyenda pa njinga ya olumala nawonso ayenera kuwerengedwa asanathire tala.

Nanga ife m'makalasi ticitenji? Tiyambe ndi kufunsa akuluakulu amene anaona batelau, atisimbire mmene anali kuwolokera. Ophunzira alembe mau awo, pakuti imeneyo ndi mbiri yathu. Kenaka tiwerenge pamodzi zikwangwani za pamseu. Tikumbutsane kuti m'dziko lathu magalimoto amayenda kumanzere, motero pamene palibe kanjira, woyenda pansi agwire dzanja lamanja kuti aziona galimoto ikubwera. Potsiriza kalasi ijambule mseu wa pafupi, isonyeze pamene ana amawolokera ndi pamene ngozi zimacitika, nilembere kalata akulu a boma a m'deralo. Mutu umodzi susenza denga. Amene waphunzira kulemba dzina lace angathenso kulemba pempho lakuti ana ace afike kusukulu ali moyo.