Chinawachotsa pa Munda Nchiyani?

Tikamakumbukira alimi a ku America a zaka za m'ma 1930, timafulumira kuloza chala chilala. Nzoonadi mvula inakana, ndipo pa 14 April 1935 fumbi linaphimba dzuwa masanasana m'madera ena a Oklahoma ndi Texas. Koma John Steinbeck, m'buku lake la nthano la 1939, The Grapes of Wrath, akutionetsa kuti banja la a Joad silinapirikitsidwe ndi chilala chokha. Ngongole inali itadya kale munda wao. Banki inangotumiza thirakitala kudzagumula nyumba.

Tikuyenda nao pa mseu wa Route 66 kulinga ku California. Agogo aamuna akutsirizika ulendo utangoyamba, naikidwa usiku m'mbali mwa mseu, popeza mwambo wa maliro ukadatha kamba yense. Agogo aakazi akufera m'chipululu. Mayi wa banjalo akugona pambali pa mtembowo usiku wonse, osauza munthu, kuti galimoto lisaimitsidwe. Ife odziwa kulemera kwa maliro, apa timayamba tatseka bukulo.

Ku California anakapeza minda yolemera ndi zipatso, ndi ganyu wothyola mapichesi: masenti 5 pa bokosi.