Gitala ya Agide ndi Matepi Amene Sitinajambule

Mu Julaye 2016, nkhalamba ya zaka 86 yochokera ku Chiradzulu inaimba ndi gitala yake m'nyumba ya Library of Congress ku Washington. Anali a Giddes Chalamanda, amene Amalawi amangowatchula kuti Agide. Pambali pawo panali Edgar Kachere ndi Davis Njobvu, maloya awiri odziwika pa zoimbaimba ndi dzina loti Edgar ndi Davis, omwe anavutikira kwambiri kuti ulendowo utheke. Kwa zaka zambiri Agide ankaimba m'nyimbo yawo ya "Buffalo Soldier" za khumbo lokaona dziko la America ndalama zitapezeka, ndipo anthu ankangoseka n'kuvina. Tsopano anali atafikadi. Eni nyumbayo anajambula kuimba kwawo pa kanema n'kukuika pa intaneti.

Kanema ameneyu ndi wamtengo wapatali, ndipo chifukwa chake n'chowawa. A Chalamanda anabadwa pa 15 Januwale 1930 ndipo anayamba kuliza nsambo akadali mnyamata. Pofika 2016 anali ataimba m'midzi, m'mabala ndi m'maholo kwa zaka zoposa 60. Koma Agide amene tingathe kuwaonera lero ndi Agide okalamba. Bambo wa zaka 35, mawu ali pachimake ndi miyendo isanatope, anaonedwa ndi okhawo amene analipo, ndipo ambiri mwa iwowo anatsikira kale kulichete.

Kwa woimba wamtundu uwu, kutayika kumeneku n'kwakukulu. Munthu woimba yekha ndi gitala sabwereza nyimbo chimodzimodzi kawiri. Akaona amayi alowa m'bwalo amatalikitsa ndime, wina akamufupa amamutchula m'nyimbomo, anthu akazizira amafulumizitsa dzanja. Oimba naye amachita kumuyang'ana pakamwa kuti adziwe polowera. Nyimbo yojambulidwa mu situdiyo imasunga mawu ndi maimbidwe, koma kukambirana kwa woimba ndi anthu ake kumatsala panja.

Okonda nyimbo za blues ku America anazindikira zimenezi kalekale, ndipo nyumba yomwe Agide anaimbamo ili pakati penipeni pa mbiri imeneyo. Mu 1941 Alan Lomax, wotumidwa ndi Library of Congress, anapeza Muddy Waters akugwira ntchito pa munda wa thonje wa Stovall ku Mississippi ndipo anamujambula komweko. Mississippi John Hurt anajambula nyimbo zingapo mu 1928, n'kubwerera kukalima ku Avalon mpaka anthu anamuiwala. Okonda blues atamupezanso mu 1963, ali ndi zaka pafupifupi 70, anamutengera ku Washington kukajambula nyimbo zake zambirimbiri m'nyumba yomweyo, ndipo chaka chomwecho anaimba pa chikondwerero cha Newport. Chimbale cha B.B. King cha "Live at the Regal", chojambulidwa ku Chicago mu Novembala 1964 anthu akukuwa ndi kuyankhira, chimawerengedwa mpaka lero pakati pa zimbale zapamwamba za blues. Oimba magitala amagetsi a ku Britain ndi America anaphunzira ntchito pomvera zimbale zoterezi.

Kwathu kuno gitala ndi banjo zinafala kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Asilikali a King's African Rifles anabwera nazo, ndipo amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia ankabwerera ndi galamafoni, mbale zake, ndi makutu ozolowera nyimbo za kwela. Amene analibe ndalama yogulira gitala ankatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya n'kudzipangira. M'badwo wa Agide unakulira m'menemo.

Wojambula woyamba wodziwika bwino anali mlendo. Hugh Tracey anayenda m'dziko la Nyasaland ndi makina ake mu 1950 ndi mu 1958, ndipo pa ulendo wachiwiriwo anafika mpaka kwa Njolomole ku Ntcheu. Ankajambula panja, pakati pa mudzi, oimba ali pamalo pawo ndi anthu awo. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Mdzukulu wa ku Ntcheu wofuna kumva mawu a agogo ake a mu 1958 ayenera kuloza khutu ku Makhanda.

Ufulu utabwera mu 1964, ntchito yojambula inagwera m'manja mwa wayilesi ya MBC. Tisachepetse zimene wayilesiyi inachita: popanda iyo, mayina ngati Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, Snowden Ibu, Michael Yekha ndi Stonard Lungu sakadafika m'nyumba za ku Lizulu kapena ku Bwanje m'boma la Ntcheu, kumene banja lonse linkazungulira kawayilesi ka Nzeru madzulo. Koma MBC inkajambula kuti iulutse. Woimba ankaima patsogolo pa maikolofoni, n'kuimba nyimbo yofupika bwino, tepi n'kutsala m'nyumba ya wayilesi. Inalinso nthawi yoti mawu a nyimbo ankasefedwa, pakuti lamulo lokhazikitsa bungwe lounika zofalitsa linabwera mu 1968, ndipo munthu ankadziwa kuti nthabwala za pabwalo la mowa siziyenera kulowa mu tepi ya boma. Chachikulu kwambiri n'chakuti Malawi analibe wayilesi ya kanema mpaka 1999, pamene TVM inatsegulidwa. Chaka chimenecho Agide anali ndi zaka 69.

Amene anapulumuka ku mdima umenewu ndi ochepa, ndipo kawirikawiri zinatengera mwayi wokumana ndi munthu wonyamula kamera. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre. Anawajambula mawu ndi kanema, analemba buku lonena za gulu lawo, ndipo mu 1972 abalewo anakaimba kunja kwa dziko lino. Daniel anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40, komabe lero munthu angathe kuona zala zake zikuyenda pa nsambo, chala chachikulu chikugunda besi pamene cholozera chikuimba nyimbo. Oimba magitala a m'mayiko ena amaphunzira kalizidwe kake poonera kanema ameneyo. Kubik yemweyo ndiye analemba "Africa and the Blues" mu 1999, buku lofufuza mizu ya blues m'maimbidwe a ku Africa.

Allan Namoko wa ku Thyolo sanachite mwayi wofika pamenepo. Anali wosaona, ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo mawu ake okandapala, olira, ndiwo amachititsa anthu ambiri kumutchula kuti woimba blues wa ku Malawi. "Lameki" ndi "Achilekwa" ndi nyimbo zimene wamkulu aliyense m'dziko muno amazidziwa. Kampani yaing'ono ya Pamtondo, ya Dr John Lwanda ku Scotland, inatulutsa nyimbo zake mu chimbale cha "Ana Osiidwa", ndipo tiyenera kuithokoza. Namoko anamwalira mu 1995, kutatsala zaka zinayi kuti TVM iyambe. Mawu ake tili nawo. Khamu la pamsika lomuzinga, kufupa kwake ndi kuseka kwake, zinapita ndi amene anaziona.

Nthawi ya makaseti inasintha zambiri, koma inakondera magulu a zida zamagetsi. Kuchokera ku Balaka, Paul Banda ndi Alleluya Band, kenako Lucius Banda ndi Zembani Band, anadzaza minibasi za mu msewu wa M1 ndi nyimbo zawo, ndipo sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inakhala khomo limene kaseti inkadzera kuti ifike kwa ogula. Oimba ndi gitala imodzi anakankhidwira kumbali. Ku French Cultural Centre ku Blantyre kunkachitika maphwando a zoimbaimba amene anthu amawakumbukabe, koma ndalama inali pa tikiti ya pakhomo ndi pa kaseti ya mu situdiyo. Kujambula phwando lonse bwinobwino kumafuna maikolofoni ambiri ndi katswiri wosakaniza mawu, ndipo woimba wodziwa kuti kaseti yake ikoperedwa mawa lomwe sakanaika ndalama pamenepo. Malowo anatsekedwa mu 2011, pambuyo pake akuba anawasakaza.

Agide anadutsa nyengo zonsezi ali ndi gitala m'manja, ndipo chimene chinawapatula kwa anzawo ndi moyo wautali. Anakhala ndi moyo mpaka kamera inawapeza. Edgar ndi Davis anawatenga ngati kholo lawo, n'kumakwera nawo nsanja, n'kumawatsatira ndi magitala awo mosawapanikiza. Mu 2020 Patience Namadingo, amene ankajambula nyimbo zosakaniza ndi oimba akale monga Lucius Banda ndi Billy Kaunda, anachitanso chimodzimodzi ndi Agide. Gawo la "Linny Hoo", nyimbo yonena za mwana wawo wamkazi, linalowa pa TikTok chakumapeto kwa 2021 ndipo linafalikira ngati moto wolusa m'chilimwe. Pofika Januwale 2022, atolankhani a AFP analemba kuti linali litaonedwa kopitirira 80 miliyoni, pamene mwini nyimbo, wa zaka 92, anali kwawo m'mudzi wa Madzuwa wopanda n'foni yomwe yoonera TikTok.

Ndi bwino kusiyanitsa ntchito ya Namadingoyi ndi ya ku Washington ija. Ya Namadingo ndi ntchito yokonzedwa mwaluso, yoikidwa mu kayendedwe ka reggae kuti ikomere makutu a lero, ndipo ndi imene inatengera dzina la Agide kutali. Ya ku Washington ndi umboni wa mmene munthuyo amaimbira akapatsidwa mpata pamaso pa anthu. Wachinyamata wa ku Kampepuza kapena pa Tsangano ku Ntcheu amene anaika "Linny Hoo" mu memori khadi yake amadziwa yoyambayo. Wofuna kuphunzira dzanja la Agide ayenera kufunafuna yachiwiriyo.

Nkhani ya ndalama nayo siinayende mofanana ndi kutchuka. Bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa oulutsa ndi ogwiritsa ntchito nyimbo m'dziko muno, ndipo lamulo latsopano la umwini wa zaluso linabwera mu 2016. Koma mamiliyoni a anthu ovina pa foni m'mayiko akutali sasanduka okha ndalama m'thumba la woimba wa ku Chiradzulu.

Matepi akale a MBC anayamba kusamutsidwira pa kompyuta ndi thandizo lochokera ku Norway, pa ntchito imene mtolankhani wa pa wayilesi Sigbjørn Nedland anatengapo mbali yaikulu. Imeneyi yapulumutsa mawu a mu situdiyo. Za pabwalo zikadali m'manja mwa aliyense wokhala ndi foni. Chaka chilichonse pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, mafoni ambirimbiri amajambula ingoma, ndipo pa maukwati ndi m'misika ya ku Ntcheu akadalipo akuluakulu oliza banjo. Zambiri mwa zojambulazo ndi za mphindi imodzi kapena ziwiri, zopanda dzina la woimba, mudzi kapena tsiku, ndipo zimafufutidwa foni ikadzaza. Tracey mu 1958 ankalemba dzina la nyimbo, oimba ake, malo ndi chida pa chilichonse chimene wajambula, n'chifukwa chake za kwa Njolomole zikupezekabe patapita zaka zoposa 60.