Lusaka mpaka London: mtunda ni umodzi, maola ndiye amasintha

Kucoka pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mu Lusaka kukafika pa Heathrow ku London pali makilomita pafupifupi 7,900. Mtunda uyu sunasinthepo kucokela nthawi ya ambuye athu. Cimene cimasintha ni maola a ulendo, ndipo maolawo amakamba mbili ya dziko lathu.

Mu 1932, kampani ya Imperial Airways inatsegula njila ya ndeke kucoka ku London kupita ku Cape Town. Ndeke zake zinali kutela ku Mpika na ku Broken Hill, imene lelo timaicha Kabwe. Lusaka inali isanakhale likulu. Ulendo wonse unali wa masiku 11: kusintha ndeke kangapo, kugona panjila, ndipo mbali ina ya ku Europe anali kuyenda pa sitima. Wotsikila ku Broken Hill anali kutha sabata yonse na masiku ena pamwamba.

Patapita zaka 20, zinthu zinafulumila. Pa 2 May 1952, ndeke ya Comet ya kampani ya BOAC inanyamuka ku London na anthu 36. Iyi ndiyo inali jeti yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipila tikiti. Inaima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe na Livingstone, n'kufika ku Johannesburg maola 24 asanakwane. Inde, Livingstone yathu yomwe ino. Koma inali nthawi ya atsamunda, ndipo mipando ija sinali ya munthu wamba.

Ufulu utabwela mu 1964, tinakhala na Zambia Airways. Mu 1984 inabweletsa ndeke yaikulu ya DC-10 imene anaipatsa dzina lakuti Nkwazi. Apa ulendo wa ku London unali wa usiku umodzi cabe, maola pafupifupi 10. Nkhongole zinaiculukila kampaniyi, ndipo inatsekedwa mu December 1994. British Airways inapitiliza kuuluka molunjika mpaka mu October 2013, pamene nayonso inaleka.

Kucokela apo, wopita ku London amayamba wazungulila ku Addis Ababa, Nairobi, Doha, Dubai kapena Johannesburg. Ukaphatikiza na kuyembekeza ndeke ina, maola amafika 14 kapena kuposelapo. Mlongo wako amene ni nesi ku UK akamva za malilo kuno, amacedwa panjila kupambana mmene akanacedwela mu 1990.

Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mu December 2021 mogwilizana na Ethiopian Airlines, koma maulendo ake ni a muno na maiko apafupi. Anzanga, London sinasunthe. Cimene cimaitalikitsa ni ndalama, kuculuka kwa okwela na zosankha za atsogoleli. Mukamva andale akulonjeza za ndeke, afunseni: ulendo wa maola 10 uja udzabwelela liti, ndipo adzalipila ndani?