Miyala ya Pansi pa Njanji: Zaka 200 za Kunyamula ndi Kutsendera

Njanji ya sitima imaoneka ngati chinthu choti chikayalidwa chayalidwa basi. Zitsulo ziwiri zagona pa mitanda, mitandayo yagona pa miyala yoswaswa, zonse zangoti zii kudikira sitima. Koma anthu ogwira ntchito pa njanji amadziwa kuti miyala imeneyi imayenda. Sitima iliyonse ikadutsa, miyala ina imasendera pambali, ina imathetheka, ina imalowa m'dothi, ndipo njanji imatsika. Ikanati izitsika mofanana paliponse, bwenzi palibe nkhani. Chovuta n'chakuti pena imatsika kwambiri, pena pang'ono. Kuyambira mu 1825, pamene njanji ya Stockton ndi Darlington inatsegulidwa ku England, anthu akhala akulimbana ndi funso limodzi: njanji ingakhale bwanji yolingana pamene miyala ya pansi pake ikutitimira, popanda kutha chuma chonse cha kampani?

Miyala imeneyi amaitcha balasti, dzina lobwereka kwa amalinyero, amene ankathira miyala ndi mchenga pansi pa zombo zawo kuti zisamagwedezeke zikamayenda zopanda katundu. Pa njanji, balasti ali ndi ntchito zitatu. Amamwaza kulemera kwa sitima kuti kusagwere pa malo amodzi a dothi. Amagwira mitanda kuti isasunthe. Ndiponso amapereka njira kwa madzi a mvula kuti atuluke msanga. Pa njanji zikuluzikulu za masiku ano amaika miyala yolimba, ya ngodya zakuthwa, yaikulu pafupifupi ngati dzira la nkhuku, ndipo imakhala yozama pafupifupi masentimita 30 pansi pa mtanda. Miyala yosalala ya mumtsinje siyenera, chifukwa siilumana.

Koma mulu wa miyala yosamangidwa ndi simenti sungaleke kusuntha. Malo ena akangotsika pang'ono, gudumu la sitima limagwera m'kadzenjeko ngati nyundo. Kumenyako kumakulitsa dzenje, dzenje likakula kumenya kumakulanso. Posakhalitsa mtanda umatsala uli lende, wongogwiridwa ndi zitsulo, ndipo umagunda miyala pokhapokha sitima ikauponda. Pakakhala madzi, kukwera ndi kutsika kwa mtandawo kumapopa matope kuchokera pansi, matopewo n'kudzaza mipata ya pakati pa miyala. Zikatero sitima zimayamba kuyendetsedwa pang'onopang'ono, ndipo pakapanda kukonzedwa chitsulo chimathyoka kapena bogi imachoka pa njanji.

Omanga njanji oyambirira ankaganiza kuti mankhwala ake ndi kuuma. Pa njanji ya Liverpool ndi Manchester, imene inatsegulidwa mu 1830, mbali yaikulu ya zitsulo inakhazikidwa pa zimiyala zosemedwa, uliwonse paokha. Zimiyalazo sizinachedwe kupendekeka ndi kutitimira mosiyana, ndipo popeza panalibe chomangirira mbali ziwirizo pamodzi, mpata wa pakati pa zitsulo unkasinthasintha. Chodabwitsa chinali pa dambo la Chat Moss. Pamenepo George Stephenson sakanatha kuika miyala yolemera, ndiye anayala nthambi ndi zitsamba zolukana, n'kuthirapo dothi ndi miyala, n'kugoneka njanji pa mitanda ya matabwa. Malo amene anthu ankaopa kuti ameza sitima ndiwo anayamba kuyendeka bwino, chifukwa njanjiyo inkafewera kulemera kwa sitima m'malo molimbana nako.

Isambard Kingdom Brunel anaphunzira phunziro lomwelo mopweteka. Pa njanji yake ya Great Western, imene chigawo chake choyamba chinatsegulidwa mu 1838 kuchokera ku London kukafika ku Maidenhead, anagoneka zitsulo pa matabwa aatali otsata njanji, n'kuwamangirira ku zikhomo za mitengo zokhomedwa pansi kwambiri. Cholinga chinali chakuti njanji isasunthe mpang'ono pomwe. Koma dothi ndi miyala ya pakati pa zikhomozo zinatitimira, zikhomozo zinatsala pomwepo, ndipo sitima inkayenda ikukwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde. Anachita kuzichotsa ntchito zikhomozo kuti njanji iyendeke. Apa panatuluka mfundo imene mainjiniya akuigwiritsabe ntchito: choopsa pa njanji ndi kusiyana kwa katsikidwe, makamaka pamene malo ouma akumana ndi malo ofewa.

Anthu atavomereza kuti miyala idzatsikabe, ntchito inagwera m'manja mwa magulu a amuna. Njanji inagawidwa m'zigawo za makilomita ochepa, chigawo chilichonse ndi gulu lake ndi kapitawo wake. Kapitawo ankayenda chigawo chonse, n'kumagwada, tsaya pafupi ndi chitsulo, kuyang'ana ndi diso pamene patsika. Anzake ankakweza njanji ndi jeke kapena mgwala wachitsulo, n'kumakhomerera miyala pansi pa mtanda ndi piki ya mutu wobuntha. Inali ntchito yothyola msana, yosatha, ndipo inkadya ndalama zambiri za malipiro chaka ndi chaka.

M'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ku France ndi ku Britain kunafala njira ina yochenjera. Ogwira ntchito anazindikira kuti miyala imene ili pansi penipeni pa mtanda, imene sitima zaiponda kwa zaka zambiri, ndiyo yolimba kuposa ina yonse, ndipo kuikumba n'kudziwonongera. Choncho anayamba kuyeza. Ndi timatabwa toyang'anira ankaona kuti chitsulo chatsika ndi mamilimita angati, ndipo ndi kachipangizo koika pambali pa mtanda ankayeza kuti mtandawo umatsikanso bwanji sitima ikaupondereza. Akaphatikiza miyeso iwiriyo ankadziwa muyezo wa timiyala ting'onoting'ono tofunika. Ankakweza njanji ndi jeke, n'kumwaza timiyalato ndi fosholo pamwamba pa bedi lolimba lija, n'kuitsitsanso. Njanji yokonzedwa motere inkakhalitsa. Vuto lake linali lakuti inkafuna anthu ambiri, aluso ndi odekha, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anthu otere anasowa ndiponso anakwera mtengo.

Mtengo wa mtanda umodzi wosatsenderedwa bwino unaoneka pa 5 Novembala 1967 ku Hither Green, kumwera chakum'mawa kwa London. Sitima yochokera ku Hastings inagwa usiku, anthu 49 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti kachidutswa ka chitsulo kanathyoka pa mfundo yolumikizira zitsulo ziwiri, mng'alu utayambira pa bowo la bawuti. Pa mfundoyo mtanda wa konkire unali utachotsedwa n'kuikapo wa thabwa, umene sunachirikizidwe mokwanira ndi miyala. Mfundoyo inkamenyedwa ndi gudumu lililonse mpaka chitsulo chinatopa. Ngoziyi inafulumizitsa ntchito yochotsa mfundo zamabawuti pa njanji za ku Britain n'kuika zitsulo zazitali zowotcherera pamodzi, chifukwa pa mfundo ndi pamene miyala imayamba kutsika.

Panthawiyi n'kuti makina atayamba kale kulanda ntchito ya piki. Kampani ya Matisa inayamba ku Switzerland mu 1945, ndipo mu 1953 Franz Plasser ndi Josef Theurer anayambitsa kampani yawo ku Austria, imene fakitale yake ili ku Linz. Makina otsendera amayenda pa njanji yomwe akukonzayo. Amagwira zitsulo n'kuzikweza kufika pa mlingo woyenera, kenaka amabaya zala zachitsulo m'miyala mbali zonse za mtanda. Zalazo zimanjenjemera pafupifupi maulendo 35 pa sekondi imodzi, ndipo kunjenjemerako kumafewetsa mulu wa miyala kwa kanthawi, zalazo n'kuifinyira pansi pa mtanda. Ntchito imene gulu la amuna linkathera masabata, makina amaimaliza usiku umodzi.

Koma pakale anati madzi saiwala khwawa. Mainjiniya anaona kuti njanji yotsenderedwa ndi makina, pakapita miyezi, imabwerera ku maonekedwe ake akale: pamene panali dzenje, dzenje limabweranso pomwepo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina sawonjezera miyala yatsopano pansi pa mtanda, amangotakasa yakale kuti itenge malo ambiri, ndipo sitima zikayambanso kuiponda imabwerera mmene inalili. Kuwonjezera apo, zala zachitsulo zija zimaphwanya miyala ulendo uliwonse, ndipo fumbi lake limatseka njira za madzi. Ndiye kuti kutsendera pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa balasti yemweyo, mpaka pamafunika makina ena okumba miyala yonse, kuisefa ndi kuibwezera.

Akatswiri a British Rail ku Derby anabwerera ku nzeru ya fosholo ija n'kuiveka makina. Anapanga makina amene amayeza njanji, kuikweza, kulowetsa mapaipi pambali pa mtanda, n'kuuzira timiyala ta mamilimita pafupifupi 20 pansi pake ndi mphamvu ya mpweya, osakhudza bedi lolimba. Makina amenewa anayamba kugwira ntchito pa njanji za ku Britain m'zaka za m'ma 1990, ndipo amathandiza makamaka pa malo amene kutsendera kwalephera kangapo. Zinatenga zaka makumi angapo kuti sayansi itsimikize zimene makapitawo akale ankadziwa ndi manja awo.

Mayiko ena anasankha kuchotseratu miyala. Njanji ya sitima zothamanga ya Tokaido Shinkansen ku Japan, yotsegulidwa mu 1964, inayalidwa pa balasti, ndipo chifukwa cha liwiro ndi kuchuluka kwa sitima inkafuna kukonzedwa usiku ndi usiku. Pofika mu 1975, pamene njanji ya Shinkansen inafika ku Hakata, mbali yaikulu ya chigawo chatsopanocho anaigoneka pa mabedi a konkire. Ku Germany anayesa njira yofanana nayo pa siteshoni ya Rheda mu 1972. Bedi la konkire limafuna ndalama zambiri pomanga koma zochepa posamalira. Komabe lili ndi vuto la Brunel lomwe lija: dothi la pansi likatsika, konkire simungaikweze ndi jeke n'kuthira miyala. N'chifukwa chake njanji zambiri pa dziko lapansi zikadali pa balasti.

Kuno kumwera ndi pakati pa Africa nkhaniyi ili ndi mbiri yakeyake. Njanji zambiri za chigawo chino, za mpata wa mamilimita 1,067, zinamangidwa mothamanga ndi motchipa m'nthawi ya atsamunda kuti zikafike ku migodi ndi ku minda ya azungu. Njanji yochokera kumwera inawoloka Zambezi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1905 n'kufika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1906. Ya Shire Highlands inalumikiza Port Herald, lero Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Zitsulo zake zinali zopepuka, miyala inali yochepa, ndipo m'malo ambiri anaika mitanda yachitsulo poopa chiswe. Ndalama zimene omanga anapulumutsa pa miyala zinalipiridwa ndi misana ya amuna akuda amene ankakhala m'timisasa ta m'mbali mwa njanji, akukweza ndi kutsendera dzinja lililonse. Mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mabuku a mbiri, koma sitima zinkafika ku Beira chifukwa cha iwo.

Mdani wamkulu kuno ndi madzi. Mvula ya miyezi inayi imafewetsa dothi, dzuwa la chilimwe n'kuliumitsa mpaka kung'aluka, ndipo dothi lakuda la m'madambo limatupa ndi kunyala chaka chilichonse. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, yakhala ikuvutika ndi kugumuka kwa nthaka pakati pa Mlimba ndi Makambako. Ku Malawi madzi osefukira anadula njanji ya kumwera ku Chiromo mu 1997. Koma kuwonongeka kochuluka kumachitika mwakachetechete. Ndalama zikachepa, choyamba kusiyidwa ndi kulambula ngalande ndi kugula miyala, chifukwa chaka choyamba palibe amene amaona kusintha. Chaka chachisanu sitima zimayenda mwa liwiro la njinga, eni katundu n'kuthawira ku malole, ndalama za kampani n'kucheperachepera.

Kumene katundu ndi wolemera ndipo ndalama zilipo, chigawo chino chaonetsa kuti chimatha. Njanji ya Sishen kupita ku Saldanha ku South Africa, ya makilomita 861, yotsegulidwa mu 1976, imanyamula miyala ya chitsulo pa mabogi olemera matani 30 pa ekiselo iliyonse, pa mpata wopapatiza womwewu. Njanji ya malasha ya makilomita 912 yochokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi, kukafika ku Nacala, inamangidwa ndi mitanda ya konkire ndi balasti wokwanira. Sitima zotere sizingayende popanda makina oyeza ndi otsendera oyenda motsata ndondomeko.

Lero akatswiri akulimbana kwambiri ndi malo amene njanji ikutsika pa mlatho kulowa pa mtumbira wa dothi, chifukwa mlatho sutsika koma dothi limatsika. Ena amamata mphira pansi pa mitanda ya konkire kuti isaphwanye miyala. Ena amayala maukonde apulasitiki pansi pa balasti kuti miyala isamwazike. Ena akuyesa mitanda ndi zomangira zotha kudzikweza zokha pang'onopang'ono, kuti mpata ukangotseguka pansi utsekeke sitima isanayambe kumenya. Zonsezi zikuchokera pa zimene zinaoneka ku Chat Moss ndi pa njanji ya Brunel: miyala idzatsika ndithu, ndipo ntchito ya munthu ndi kuonetsetsa kuti ikutsika mofanana, ndi kutseka kadzenje kakadali kakang'ono. Boma kapena kampani imene ikukonza zomanga njanji yatsopano iyenera kufunsidwa, tsiku lodula riboni lisanafike, kuti miyala ya chaka chakhumi adzagula ndani, ndipo ngalande adzalambula ndani.