Mafunso ndi Mayankho: Chilatini chinalowa bwanji m'tchalitchi?

FUNSO: Pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, titatha mdipiti, kwaya yathu inaimba Tantum Ergo m'Chilatini. Apongozi anga akuti Yesu ankayankhula chinenero chimenechi, ndipo ati Papa anachiletsa. Zoona ndi ziti?
Mayi wa ku Area 36, Lilongwe

YANKHO: Mayi, apongozi anuwo mukawafotokozere mwaulemu kuti zonse ziwirizo si zoona. Yesu ankayankhula Chiaramu. Ku Yerusalemu Chilatini chinali cha asilikali ndi akuluakulu a boma la Aroma. Ngakhale ku Roma kwenikweniko, akhristu oyamba ankapembedza m'Chigiriki, ndipo Misa inasamukira ku Chilatini pang'onopang'ono cha m'zaka za m'ma 300. Kyrie imene ambiri amaiyesa ya Chilatini ija, ndi Chigiriki chenicheni.

Tsono imvani chimene chimanditenga mtima. Mpingo woyamba kudziwika ndi Chilatini unali wa mu Africa muno, ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. Pa 17 July chaka cha 180, akhristu a m'mudzi wa Scilli anaimikidwa pamaso pa bwanamkubwa Saturninus ku Carthage. Anawapatsa masiku 30 oti aganize bwino, iwo n'kukana, ndipo anaphedwa akhristu 12, amuna ndi akazi. Mmodzi wa iwo, Speratus, anabwera m'bwalomo atanyamula mabuku ndi makalata a Paulo Woyera. Nkhani ya mlandu wawowo ndiyo cholembedwa chachikhristu chakale kwambiri m'Chilatini chimene tsiku lake likudziwika. Pambuyo pawo kunadza Tertullian ndi Cyprian a ku Carthage komweko, kenaka Augustine, episkopi wa ku Hippo m'dziko la Algeria, amene anamwalira mu 430. Onsewa ankagwiritsa ntchito Chilatini chifukwa ndicho chimene anthu a m'mizinda yawo ankamva, monga mmene Chichewa chimamvekera mumsika wa ku Kawale. Choncho ndimadandaula ndikamva wina akuchitcha chinenero cha azungu, poti Aafirika anzathu ankapemphera m'chinenerochi Roma asanayambe.

Chilatini chinafika kwathu kudzera njira yomweyo. Cardinal Lavigerie anayambitsa chipani cha White Fathers ku Algeria mu 1868, ndipo pambuyo pake anakhala arkiepiskopi wa Carthage. Ansembe ake anafika kwa Mponda mu 1889, n'kudzakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni mu 1903. A Montfort anatsegula Nzama mu 1901. Misa yawo inali ya buku limene Papa Pius V anakhazikitsa mu 1570. Wansembe ankayang'ana kuguwa, akhristu ali kumbuyo kwake, ndipo anyamata otumikira ankayankha zoloweza pamtima.

Za chaka chanucho, chinayambira ku Liège mu 1246 chifukwa cha khama la sisitere Juliana, ndipo Papa Urban IV anachifalitsa ku Mpingo wonse mu 1264. Nyimbo yanuyo ndi ndime ziwiri zomaliza za nyimbo imene Thomas Aquinas anapeka nthawi imeneyo. Mdipiti unadzaonjezedwa patapita zaka.

Nanga za kuletsa? Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, mu 1963, unanena kuti Chilatini chisungidwe, koma unatsegulanso khomo la zinenero za anthu. Chichewa ndi ng'oma zinalowera pamenepo. Mu 2007 Papa Benedict XVI anamasula Misa ya mwambo wakale, ndipo mu 2021 Papa Francis analamula kuti izichitika pokhapokha episkopi atalola. Lamulo limenelo likukhudza mwambo wa Misa, osati chinenero, choncho kwaya yanu sinalakwe.

Pempho langa ndi la kwa atsogoleri a makwaya. Musanaphunzitse nyimbo ya Chilatini, yambani mwatanthauzira anthu mawu ake m'Chichewa, ngakhale kumphakati. Ndiponso chepetsani phokoso la kiyibodi. Nyimbo zimenezi anazipeka kuti aziimba ndi pakamwa pokha, ndipo akhristu ayenera kumva mawu amene akupemphera.