Mphaka Amene Anasokoneza Akatswiri ku Paris

Mu Okutobala 1894, Étienne-Jules Marey anaonetsa anzake a ku Académie des Sciences ku Paris zithunzi za mphaka akugwa. Munthu anagwira mphakayo miyendo ili m'mwamba, n'kumusiya. Makina a Marey, omwe ankajambula zithunzi zambiri pa sekondi imodzi, anaonetsa nyamayo ikutembenuka m'malere mpaka kutera ndi mapazi. Mwana aliyense amene anakulira pakhomo pa mphaka akudziwa zimenezi. Koma kwa akatswiriwo, zithunzizo zinkaoneka ngati zikutsutsa lamulo lomwe ankalidalira kwambiri.

Lamulolo linachokera kutali. Mu 1609, Johannes Kepler anasonyeza kuti Mars imathamanga ikayandikira dzuwa ndipo imachedwa ikatalikira. Isaac Newton anafotokoza chifukwa chake mu 1687, ndipo m'zaka za m'ma 1740 Leonhard Euler ndi Daniel Bernoulli anakulitsa mfundoyo kuti igwirenso ntchito pa zinthu zina zozungulira. Imati chinthu chikapanda kupotozedwa ndi mphamvu yochokera kunja, muyeso wa kuzungulira kwake, umene asayansi amautcha angular momentum, susintha. N'chifukwa chake munthu wozungulira pampando wa mu ofesi amawonjezera liwiro akapinda manja, n'kuchedwa akawatambasula.

Vuto linali apa: mphaka wa Marey anayamba kugwa asakuzungulira konse, choncho muyesowo unayenera kukhala ziro mpaka pansi. Nanga anatembenuka bwanji? Ena anati amadzikankha pa dzanja la womugwira. Zithunzi zinakana, pakuti ankayamba kutembenuka atachoka kale m'manja.

Yankho loyamba linachokera kwa Émile Guyou chaka chomwecho. Mphaka amapinda miyendo yakutsogolo n'kutambasula yakumbuyo. Akadzipotoza m'chiuno, mbali yakutsogolo imatembenuka kwambiri, pamene yakumbuyo, popeza yatambasuka, imabwerera pang'ono chabe. Kenako amasinthanitsa: yakutsogolo atambasula, yakumbuyo apinda. Pa mphindi iliyonse, kuzungulira kwa mbali imodzi kumafafaniza kwa inzake, ziro n'kukhalabe ziro, koma pomaliza mimba yaloza pansi. Mu 1935, akatswiri awiri a ku Netherlands, Rademaker ndi Ter Braak, anawonjezera kuti mphaka amapindanso msana, mbali iliyonse n'kumagubuduka payokha. Ndipo mu 1969, Thomas Kane ndi M. P. Scher a ku Stanford anawerengetsa kayendedweko ndi masamu, pa kafukufuku amene NASA inathandiza pofuna kudziwa momwe munthu woyandama m'mlengalenga angatembenukire popanda chogwira.

Lamulo silinalakwe. Analakwa ndi anthu amene ankaona mphaka ngati chipika chouma, kuiwala kuti ali ndi msana wopindika.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inenso ndinagwa m'mbuna yomweyo. Tsiku lina ndikumasulira ndime ya fizikisi, ndinalemba kuti chinthu sichingatembenuke popanda kukankhidwa. Chiganizocho chinkamveka bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuchitumiza. Chikanapita, wophunzira wina akanaloweza bodza lomwe mphaka wa kwawo amalitsutsa nthawi iliyonse akagwa padenga. Chinandipulumutsa ndi Chichewa chomwe, chifukwa tili ndi mawu awiri. Kuzungulira ndi kuyenda kopitirira, ngati kwa gudumu la njinga. Kutembenuka ndi kusintha kumene wayang'ana. Lamulo limasunga chiwerengero chonse cha kuzungulira, koma silinena kanthu za mbali imene uloze ukamaliza.

Ndinafufuta chiganizo chija n'kulemba china. Kuyambira pamenepo, ndikakumana ndi mawu akuti chinachake chimasungika, ndimayamba ndafunsa kuti chikusungikacho n'chiyani kwenikweni, komanso ngati chinthu chomwe tikukambacho chili ndi ziwalo zotha kuyenda pazokha.